Che Twaibu, Mkamwini Amene Ankadzithowa Yekha

Ine ndine Sakina, ndipo ku Senga Bay konse amadziwa kuti pakamwa panga palibe chitseko. Zimenezo sindikana. Koma nkhani ya alamu anga Che Twaibu ndakhala ndikuitafuna ndekha zaka zonsezi, pamene anthu akuikamba mokhotakhota. Ena amati munthuyo anachita kulodzedwa, ena amati mkazi wake anamuthawa atadwala. Bodza lokhalokha. Ine ndinalipo, ndipo mphika umene unathetsa banja lija ndinautereka ndine.

Che Twaibu anabwera kwathu chikamwini mu 1941, atakwatira mng'ono wanga Zuleka. Kwawo kunali ku Nkhotakota. Anali munthu wamtali, woonda, wa mawu ochepa. Mukawapatsa moni ankayankha, n'kudikira kuti mwina muli ndi zina. Mukapanda kupitiriza, iwonso basi. Ali mnyamata anasenzako miyala ndi zitsulo pa ntchito ya njanji ija inafika ku Salima. Njanji itatha anayamba kusenza mitanga ya usipa wouma kukagulitsa kumtunda, ku Chitala mpaka ku Dowa, masiku atatu wapansi, nkhata pamutu. Atakwatira anasiya maulendowo n'kulowa m'gulu lokoka khoka la amalume athu, Che Idi. Ntchito zonsezi ndi zothyola msana, ndipo anzawo ambiri a msinkhu umenewo ankayenda chowerama. Iwo ankayenda ali njo ngati mgwalangwa.

Chimene chinkawasunga sichinali mankhwala a kwa sing'anga. Ankati anaphunzira ali mwana kwa nkhalamba ina imene inkayendetsa jahazi, ngalawa yaikulu ya thanga, kwawoko. Khoka likatuluka m'mawa, nsomba zitagawidwa, amuna ena ankangodzigwetsa pansi pa mango n'kumabuula. Che Twaibu ankalowa mumpanda wa kuseri kwa nyumba, n'kukhala pa kampando. Ankayamba ndi chitsononkho chouma: kuchiponda n'kumachigudubuza pansi pa phazi, kuyambira kuchidendene mpaka kuzala, phazi ili kenako linzake. Ndiye ankathira mafuta a nsatsi m'manja, kuwatenthetsa pofikisa zikhatho, n'kumatikita akatumba ndi zala zazikulu, nthawi zonse chokwera, osati chotsika. Pakhosi ankaikapo mwala wosalala wa m'nyanja umene unali utakhala padzuwa. Pamsana, pamene dzanja silifika, ankatsamiritsa chigwiriro cha nkhafi pamtengo, n'kumadzikankhirapo pang'onopang'ono, akupuma mozama ngati munthu wogona.

Poyamba anthu ankaseka, kenako anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzaphunzira. Alamu sankakaniza munthu. Ankati, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pamene pakupweteka akupadziwa ndi mwini thupi." Inenso anandiphunzitsa, ndisabise. Mwamuna wanga anapita ku Joni chaka chimene nkhondo inayamba, kalata inabwera imodzi yokha, kenako zii, anatchona. Masiku amenewo mutu unkandiwawa ngati wina waumanga ndi luzi. Che Twaibu anandionetsa pokanikiza, pankhongo ndi kuseri kwa makutu, ndi kutulutsa mpweya pang'onopang'ono mpaka mapewa atsike okha. Zinkandithandiza. Mpaka lero ndimachita.

Zaka zoyamba zija kudzitikita kwawoko sikunavutitse munthu, chifukwa akamaliza zawozo Zuleka ankabwera ndi beseni la madzi ofunda ndi kansalu, n'kuwathowa mapazi ndi msana. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno anankungwi akamalangiza mtsikana pa ndowa, ukwati wathu wa Chisilamu, nkhani ya madzi amenewo saiiwala. Mwamuna wochoka kunyanja amathowedwa ndi mkazi wake, ndipo mkazi amene manja ake akanidwa ndiye kuti wakanidwa yense. Zuleka ankaigwira ntchitoyo akuimba. Mwana wawo Saida atabadwa, bambo ake ankamuika pamapewa n'kumayenda naye mudzi wonse, mpaka amuna anzawo ankati angotsala kumuyamwitsa.

Zinthu zinatembenuka mu 1946, mvula itangotha. Tsiku lina Zuleka atabwera ndi beseni, Che Twaibu anati, "Amake Saida, siyani, ndizichita ndekha." Mawa lake chimodzimodzi. Anayamba kudzitenthetsera okha madzi, mwamuna wamkulu kugwada pamafuwa mkazi ali pomwepo. Asanaviike mapazi ankayamba apisa chigongono m'beseni, ngati mayi wosambitsa khanda. Anagula nkhwaira za tayala n'kumavala ngakhale pamchenga, anzawo n'kumati mkamwini wa Che Idi wasanduka kalaliki. Mkanjo wa manja aatali sankauvula, dzuwa liswe mtengo. Anapatula mbale yawo ndi chikho chawo. Kenako mkeka wawo anausamutsira pakhonde la kuseri. Ndipo kutikita kuja, kumene kale kunali kwa kanthawi kochepa, tsopano kunkatha theka la masana, mapazi okhaokha, chitseko cha mpanda chitatsekedwa.

Zonsezo mwina ndikanazimeza. Chimene chinandiumitsa thupi ndi cha mwana. Tsiku lina ndikuyanika usipa pathandala ndinaona Saida, wa zaka zinayi, akuthamangira bambo ake manja ali m'mwamba. Munthu wamkulu uja anabwerera m'mbuyo, manja ake n'kuwabisa kumsana. Mwanayo anafika pafupi, iwo anabwereranso. Saida anaima, n'kuyang'ana manja ake omwe ngati ali ndi matope, kenako anatembenuka osalira n'komwe. Ine dengu linandipulumuka. Ndinali ndisanaonepo bambo akuthawa mwana wake masanasana.

Kumadzi akazi anali atapeza chotafuna. "Manja a Zuleka ali ndi minga kapena?" "Mwina madzi ake amanunkha utsi." "Ayi, kuli wina kumtunda amene amathowa bwino." Mng'ono wanga ankangowerama n'kumatsuka mbale zoyera kale. Anaonda mpaka mikanda inkamutsika m'chiuno. Anayesapo kamodzi kulimba mtima: anagwada ndi beseni n'kugwira phazi la mwamuna wake mwadzidzidzi. Pambuyo pake anathamangira kwanga.

"Achemwali, andikalipira. Akuti, 'Musandikhudze.' Chikwatiraneni sanandikwezerepo mawu. Ndalakwanji ine?"

"Palibe chimene walakwa," ndinatero. "Amuna ndi omwewo. Wanga anathawira ku Joni, wakoyu wathawira kuseri kwa nyumba."

Ndinatsimikiza kuti pali mkazi wina. Tsiku lina nditamva kuti alamu akupita ku Salima, ndinawatsata ulendo wonse uja, ndikubisala m'mbali mwa msewu ngati wakuba mbuzi. Mukudziwa chimene ndinapeza? Analowa m'sitolo ya Mmwenye, anagula sopo ndi botolo la mafuta, anapemphera kumzikiti, n'kubwerera. Ndinafika kunyumba miyendo itatupa, mtima utapsa kuposa kale. Ndinati pakanakhala mkazi wina ndikanamvetsa. Koma kukana mng'ono wanga popanda ngakhale womusinthanitsa naye, kumeneko n'kunyoza mtundu wathu wonse.

Zaka ziwiri zinatha choncho. Mu Okutobala 1948 ndinapita kwa amalume Che Idi, amene analinso nkhoswe ya Zuleka. Ndinawauza kuti banja limeneli lithe, mwana wathu akadali wamng'ono, akwatiwe ndi munthu amene angamuone ngati mkazi.

"Sakina, kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero amalume.

"Zaka ziwiri, amalume. Nkhono imeneyo inafera m'chigoba."

"Zuleka mwini wake wanena kuti akufuna banja lithe?"

"Iye amangolira. Kulira si kunena?"

Zoona zake n'zakuti Zuleka sananenepo. Ankamukonda munthuyo, ndipo chimene ankafuna n'chakuti amubwerere. Koma ine ndinawakakamira amalume mpaka anavomera kuitana Che Sidiki, mkulu amene ankaimira Che Twaibu ngati nkhoswe. Tinapangana Lachinayi, swala ya masana ikatha kumzikiti. Ndinasankha nthawi imeneyo dala, kuti akuluakulu adzawapeze alamu ali mumpanda akudzithowa okha, adzione ndi maso awo manyazi amene mng'ono wanga ankadya tsiku ndi tsiku.

Panali chinanso chimene sindinauze munthu aliyense. Ndinkafuna munthu wodzidalira uja akuwe. Ndinkafuna aviike chala m'madzi, adumphe, aitane mkazi wake mudzi wonse ukumva, kuti adziwe chifukwa chake madzi a mwamuna amayesa ndi mkazi. Zinali zachibwana, ndikudziwa. Ndinkaganiza kuti kudzakhala kutuza pang'ono chala chimodzi, n'kutha.

Lachinayi lija ndinamuuza Zuleka kuti apite kunyanja akachape, atenge ndi mwana. Ndinatereka mphika waukulu, n'kusonkhezera mpaka madzi anabwata. Alamu atabwera kuchokera kumzikiti n'kukhala pa kampando kawo, ndinathira madziwo m'beseni, pamwamba n'kuyalapo masamba a mpungabwi ambirimbiri. Dzuwa la Okutobala linali pamutu, nthunzi siinkaoneka n'komwe. Ndinalowa mumpanda wopanda odi, n'kuika beseni patsogolo pawo.

"Alamu, lero madzi ndakutenthetserani ndine. Mkazi wanu munamukana, kodi mukana ndi ine ndemwe?"

Anachita manyazi. "Zikomo, alamu. Simukanavutika."

Anayamba kupinda dzanja la mkanjo kuti apise chigongono monga mwa masiku onse. Atakweza maso anapeza ndaima pomwepo, manja m'chiuno, ndikuwayang'anitsitsa. Anasiya, n'kulitsitsanso dzanja la mkanjolo mpaka pachikhatho. Anavula nkhwaira. Ine pakamwa panali patatseguka kale.

"Tandiuzani, Che Twaibu, mng'ono wanga munamupeza ndi chiyani? Wakuba? Waulesi? Wachiwerewere? Nenani, tikamulange."

"Palibe chimene ndinamupeza nacho," anatero, n'kuviika mapazi onse awiri m'beseni mpaka mu akakolo.

Ndinadikira kukuwa. Sikunabwere.

"Amake Saida ndi mkazi wabwino," anapitiriza, maso ali pa ine. "M'mudzi muno mulibe wina woposa iwo. Zimenezo mukawauze amalume anu."

Ndinaganiza kuti akulimba mtima pofuna kundichititsa manyazi. Ndinati tione amene atope. "Ngati ndi wabwino, bwanji mumamuthawa ngati ali ndi mphere? Nanga mwana uja analakwanji? Mwana wanu yemwe, wa magazi anu..."

Ndinalekeza pomwepo. Nkhope ya alamu inali phee. Thukuta la ululu panalibe, milomo sinkanjenjemera, zala za manja zinali pamaondo zitamasuka. Munthu sangadzigwire choncho, ngakhale msilikali. Ndipo m'besenimo anali akusisita phazi limodzi ndi linzake, monga ankachitira nthawi zonse. Masamba aja anapatuka, ine n'kuona. Khungu la pamwamba pa phazi linali litasendeka ngati la mbatata yophika, likuyandama m'madzi, pansi pake pali pofiira.

Ndinalikankha beseni lija ndi mwendo. Madontho amene anandigwera pachala anandiotcha mpaka ndinadumpha. Che Twaibu anandiyang'ana modabwa, kenako anatsata maso anga, n'kuona mapazi awo. Anawayang'ana nthawi yaitali, ngati ndi a munthu wina.

"Alamu," anafunsa motsitsa mawu, "madziwa anali otentha?"

Ndinangopezeka ndakhala pansi, pamatope pomwepo. Ine amene sindinasowepo chonena chibadwire, lilime linali gwa. Ndinkangoona matuza akutukuka m'mbali mwa akakolo ine ndikuyang'ana, mwini wake osamva kanthu.

"Simunamve?" ndinatero pomaliza. "Ngakhale pang'ono?"

Anapinda dzanja la mkanjo lija mpaka paphewa. Pamkono panali mawanga atatu otuwa, aakulu ngati chikhatho cha mwana, opanda cheya.

Mawuwo ndinkawadziwa, koma ankakana kutuluka. Anawatchula okha.

"Ndi khate, alamu. Ndinazindikira chaka chija mvula itatha. Ndinachoka kunyanja mpaka kufika pano mbedza ili m'phazi, ine osadziwa. Ndinangoona magazi panjira. Pa ntchito ya njanji tinali ndi mnzathu amene anayamba chimodzimodzi. Anamumangira msasa kuthengo, chakudya ankamuikira pamwala."

"Nanga bwanji osanena?"

"Ndinene kuti andichotse pamudzi? Ndinkati bola ndizikhala pakhonde, ndiziona Saida akukula, ndizimva amake akusinja. Osawakhudza, osadya nawo mbale imodzi, mwina matendawa athera mwa ine ndekha." Anayang'ananso mapazi aja. "Ndinkati ndikamawatikita tsiku ndi tsiku mwina adzadzuka. Msana unkamva, khosi linkamva. Awa okha anakana."

Apo m'pamene ndinakumbukira amene ndinawaitana. Ndinadzambatuka kuti ndikawatsekereze kunjira, ndikawanamize chilichonse, kuti alamu apita ku Chitala, kuti ndasintha maganizo. Ndisanafike pachitseko cha mpanda ndinamva, "Odi kuno." Anali amalume, Che Sidiki ali pambuyo pawo, onse atavala za kumzikiti.

Ndinaima pakhomo, manja uku ndi uku. "Amalume, bwererani. Nkhani ija yatha, ndinalakwitsa ndine."

"Iwe Sakina, watisowetsa mtendere masiku onsewa, lero ukuti tibwerere? Tapatuka."

"Alekeni alowe, alamu," anatero Che Twaibu kumbuyo kwanga. "Mapazi awa sangabisikenso."

Analowa. Che Sidiki, amene anali atatambasula kale dzanja kuti apereke moni, analibweza pang'onopang'ono n'kubwerera mpaka anagunda mpanda. Amalume anayang'ana mapazi, anayang'ana mkono, anayang'ana beseni lopidiguka, kenako ine. Milomo yawo inkayenda, ndikuganiza kuti ankatchula dzina la Mulungu, koma mawu sankamveka. Nkhuku inabwera kudzajompha masamba a mpungabwi, palibe anaiingitsa.

"Wachita zimenezi ndani?" anafunsa amalume.

"Ndaviika ndekha," anatero alamu. "Sindinayese madzi."

Ndikanakonda akananditukwana.

Tili chiimire choncho, Zuleka anatulukira, dengu la zochapa pamutu, Saida akumutsata. Amalume anamugwira mwanayo padzanja n'kumukokera kumbuyo kwawo. Zuleka anatula dengu. Palibe amene anamufotokozera kanthu. Nayenso ndi mwana wa kunyanja, mawanga aja anawadziwa. Ndinkayembekeza kuti akomoka kapena athawa. Chimene ndinaona chimandizunguzabe mpaka lero. Nkhope yake, imene inali yakugwa zaka ziwiri, inawala. Mng'ono wanga anamwetulira, misozi ikutsika.

"Ndi zimenezi?" anatero. "Abambo a Saida, ndi zimenezi basi? Ine ndinkati munandida."

"Sindinakudenipo tsiku ndi limodzi lomwe."

Zuleka anasolola nsalu yake yatsopano m'dengu muja, yonyowa, yoyera bwino, n'kuing'amba ndi mano. Anagwada patsogolo pa kampando.

"Zuleka, ima," anatero amalume. Mawu awo anali ofewa, sanali aukali. "Mwambowu ukuudziwa. Munthuyu pamudzi pano sagonanso masiku awiri, eni mudzi sangalole. Ukagwira mabala amenewo ife tikuona, iwenso anthu sadzakulola pachitsime, ndipo mwanayu sitingakupatse. Upita naye mwamuna wako, Saida atsala."

Zuleka anacheuka n'kumuyang'ana mwana wake. Anandiyang'ananso ine.

"Achemwali amulera," anatero. "Ine ndipita nawo. Zaka ziwiri akhala akudzithowa okha ine ndilipo."

Anatambasula manja. Che Twaibu anakokera mapazi aja pansi pa kampando, khungu lina n'kutsalira pamchenga.

"Che Idi, Che Sidiki, tcherani khutu, mukhale mboni." Mawu awo anali okwera kuposa mmene ndinawamverapo. "Zuleka, ndakusiyani. Ndakusiyani. Ndakusiyani."

Katatu. Kwathu kwa Asilamu mawu amenewo akatuluka katatu pamaso pa mboni, talaka yagwa, banja latha, ndipo palibe nkhoswe ingawabweze m'kamwa. Che Sidiki anagwira pakamwa. Manja a Zuleka anatsala m'malere, nsalu ikudontha madzi, patangotsala pang'ono kuti afike.

"Tsopano ndine mwamuna wachilendo kwa inu," anatero Che Twaibu. "Sikuloledwa kuti mundikhudze. Bwezani manja, mukanyamule mwana."

Zuleka sanabweze manja msanga. Anakhala chigwadire, pakamwa pali yasa, ngati munthu amene wamenyedwa ndi nkhafi pamutu koma sanagwe. Kenako anaika nsalu ija pansi, pakati pa iye ndi kampando, n'kuimirira. Alamu anawerama, anaitola, n'kuyamba kudzimanga okha, phazi ili kenako linzake, mosamala, ife tonse tikuonerera. Palibe mmodzi wa ife anasuntha kuti awathandize. Inenso sindinasunthe.

Amalume anayesetsa kuti asamangiridwe msasa kuthengo. Anamva kuti kummwera, m'mbali mwa njanji, kuli mudzi wa akhate umene amishoni amasamalira, ndipo salabadira kuti munthu amapemphera kuti. Che Twaibu anakhala kumeneko zaka zisanu ndi zitatu. Munthu wina wa kwathu amene anakawaona anatiuza kuti mabala a moto aja anavunda, zala zonse za kumapazi n'kuduka chaka choyamba chomwe, pamene manja anakhala abwinobwino mpaka imfa. Anatinso m'mawa uliwonse odwala anzawo ankakhala mozungulira, aliyense ndi kabotolo ka mafuta, alamu akuwaphunzitsa kudzitikita ndi kuyang'ana pansi pa mapazi ngati palowa minga. Mapiritsi a matendawo anafika iwo atafooka kale. Anamwalira mu 1956. Saida sanadwale, Zuleka sanadwale.

Koma ndikufuna ndimalize ndi Loweruka lija tinawaperekeza. Anyamata anayi a khoka anavomera kuwanyamula pa machila mpaka kusiteshoni ya Salima, atamanga nsanza m'manja. Ine ndi Zuleka tinkatsata pambuyo. Mwana anatsala ndi amalume. Amalume anali atamuletsa Zuleka kupita, iye anangofunda mpango n'kunyamuka. Njira yonse ankayenda patali ndi machila, monga amayendera mkazi pambuyo pa mwamuna amene si wake.

Pasiteshoni anawakweza m'bogi ya kumapeto, okha. Anakhala pafupi ndi khomo, mapazi omangidwa aja atawatambasula. Anatsanzika anyamata aja mmodzimmodzi. Ine anandiuza kuti, "Alamu, musadzizunze. Zikanaululika ndithu, lero kapena mawa." Ndinangolira ngati mwana. Zuleka yekha sanamutsanzike. Anangoyang'anizana mpaka sitima inalira n'kuyamba kuyenda.

Titatuluka m'tauni, pamene msewu umalowera kunyanja, ndinalimba mtima.

"Zuleka, mng'ono wanga, madzi aja ndinabwatitsa ndine. Ankhoswe ndinaitana ndine. Ndinkati ndikukuthandiza. Nditukwane, ndimenye, chita chilichonse."

Sanakweze mawu, sananditembenukirenso.

"Lachitatu ndinali ndi mwamuna amene ndinkaganiza kuti sandifuna. Lero ndikudziwa kuti ankandifuna, koma mwamuna ndilibe. Inu munkatha kundifunsa, achemwali, kuti mwa ziwirizi ndisankha chiti."

"Ukanasankha chiti?"

"Ankagona pakhonde. M'mawa ndinkamva akutsokomola."

Kuchokera pamenepo kukafika kwathu ndi maola anayi wapansi. Zuleka anayenda patsogolo, ine pambuyo, ndipo sanacheuke mpaka tinafika.